Phukusi la Kansalu Kofiira

Amalume anga sankadya chakudya chimene wowapatsayo sanayambe walawa. Kwathu, kufupi ndi Milonde, khalidweli silinali lachilendo, pakuti aliyense wopereka thobwa kwa mlendo ankayamba wamwako pang'ono mlendoyo akuona. Koma ena ankachita zimenezi kwa alendo okha, pamene amalume ankazifuna tsiku ndi tsiku, ngakhale pakhomo pa mlongo wawo, amene ndi amayi anga. Ankanena kuti mkulu wawo anafa atamwa chikho cha mowa paukwati, kale asanawoloke Ruo kuchoka kudziko la Apwitikizi, ndipo kuyambira pamenepo iwo anadziikira lamulo limeneli.

Akazi awo atamwalira, amalume anabwerera kumudzi kwathu nadzamanga kanyumba kuseri kwa nthochi. Chakudya chawo chinkachokera kwa amayi, wonyamula ndinali ine. Ndinkagwada, kunyema pang'ono, kudya iwo akuyang'ana pakhosi panga mpaka nditameza, ndiyeno ankakoka mbale. Ntchitoyi ndinkaikonda chifukwa sinkafuna kulankhula. Ndinali mtsikana wamanyazi kwambiri. Kusukulu ya m'mudzi aphunzitsi akandifunsa funso, yankho ndinkalidziwa, koma linkatuluka ngati ndikunong'oneza nyerere.

Ndinabatizidwa ndili khanda, nthawi ina pamene ndinadwala kwambiri. Nditakula ndinaphunzira katekisimu yonse pamtima, koma kulandira Ukaristia koyamba kunkachitikira kumishoni, kutali kupitirira Chinakanaka, pa chikondwerero cha Amayi Maria m'mwezi wa Ogasiti. Chaka chilichonse akhristu a kwathu ankayenda wapansi ulendo umenewu, akupemphera ndi kuyimba, nagona panjira. Anzanga onse anali atapita kale. Ine amalume ankandikaniza. Abambo anali kuntchito ku Halale, ndipo mwini mbumba anali amalumewo. Iwo sanali mkhristu, ndipo anali atamva kuti asisiteri akaona mtsikana wofatsa amamumeta tsitsi ndi kumusunga komweko.

Chaka chimene ndikunenachi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, amayi ndi aphunzitsi anawachonderera mpaka anavomera. Anati ndipite kamodzi kokha, ndipo iwo apita nawo kuti akanditenge ndi dzanja lawo pobwerera. Zikakanika ulendo umenewo, nkhaniyo isadzabwerenso pakhomo pawo.

Masiku amenewo lamulo la olandira linali lolimba. Kuyambira pakati pa usiku mpaka Misa, munthu sankaika kanthu m'kamwa, ngakhale dontho la madzi. Aphunzitsi anatichenjeza ngakhale za kutafuna udzu monga tinkachitira poyenda. Anati amene walakwitsa asapite kutsogolo, adikire chaka china.

Ndinali pamtondo ndikusinja ufa wa kamba pamene ndinazindikira kuti malamulo awiriwa adzakumana. Tinkayenera kugona pafupi ndi Chinakanaka, ndipo m'mawa mwake kuyenda mtunda wotsala ndi kukafika pa Misa. Amalume sankayamba ulendo m'mimba muli pululu, ankati m'mimba mwawo mumaluma. Ndiye kuti m'mawa umenewo adzafuna kudya, ndipo adzatambasula dzanja kuti ndilawe. Ndikadzalawa, sindidzalandira. Ndikadzakana, kwathu wokana kulawa chakudya chimene waphika yekha ndiye kuti akudziwa chimene chilimo, ndipo palibe chipongwe choposa chimenecho kwa munthu ngati amalume.

Sindinauze munthu. Ndikanauza aphunzitsi, akanapita kukakambirana ndi amalume, ndipo ndinkaopa kuti amalume angabweze mawu awo. Ndikanauza amayi, madzulo omwewo nkhani ikanafika kuseri kwa nthochi. Ndinangopitiriza kusinja ndikuganiza, mpaka ndinakumbukira chinthu chimodzi. Nthochi amalume ankadya osandiitana. Mtedza wosaswa ndi mazira owiritsa chimodzimodzi. Ankati chimene Mwini wake anatseka yekha sichifuna wolawa. Ndinasangalala kwambiri moti amayi anandifunsa chimene ndikusekera ndekha pamtondo.

Kumanga kamba kunatitengera tsiku lathunthu. Amayi sakanapita nafe chifukwa anali ndi mwana wakhanda, ndiye anati kamba wa ine ndi amalume ndimange ndekha, iwo azingoyang'anira. Ndinadula masamba a nthochi, kuchotsa msana wake, ndi kuwawawula pamoto kuti afewe, chifukwa tsamba losawawula limang'ambika ukamapinda. Tinaphika makaka, chinangwa chouma chija timaphatikiza ndi nandolo, ndipo nandoloyo anali wamuwisi, wothyola m'mawa womwewo. Amayi anati makaka adyedwe tsiku loyamba, sachedwa kusasa. Mbatata tinaotcha paphulusa m'malo mophika, pakuti yootcha imakhalitsa. Tinakanda nthochi zakupsa ndi ufa, kukulunga m'masamba ndi kuphika mumphika waukulu, ndipo mikateyo itazizira tinaisunga kuti ikhale ya pobwerera. Thobwa tinathira m'chipanda ndi kutseka ndi chitsononkho.

Chakudya cha nthawi iliyonse ndinachimanga phukusi lakelake ndi luzi, kuti tisamamasule zonse panjira. Amayi anayesa mfundo zanga ndi chala nati ndimamanga ngati munthu woopa mbala. Atalowa m'nyumba kukayamwitsa mwana, ndinamanga phukusi langa lachinsinsi. Ndinaikamo nthochi zosapsetsa kwambiri kuti zisafinyike, manachesi, mtedza wophika ndi makoko ake, ndi mazira amene ndinapempha kwa amayi kuti ndi a amalume, popeza ife atsikana sitinkadya mazira. Dzira lililonse ndinalikulunga ndi udzu wofewa. Kuti ndisalisokoneze ndi ena, phukusi limeneli ndinalimanga ndi kansalu kofiira kong'ambika ku mpango wakale wa amayi.

Tinanyamuka m'mawa kukuwaza kachiperoni. Mnyamata wamtali anatsogola ndi mtanda, pambuyo pake aphunzitsi, ndiyeno ife olandira koyamba, azimayi, ndi amuna. Ndinali nditasenza dengu langa bwinobwino, koma amalume anati mwana wa mlongo wawo sangafike kwa azungu khosi litapindika. Anatulutsamo mapukusi olemera, ndi lofiira lomwe, nawapachika kundodo yawo paphewa. Ndinafuna kunena kuti lofiiralo lisiyeni, koma pakamwa sipanatseguke. Ndinadzitonthoza kuti kaya lili pamutu panga kaya paphewa pawo, likupita kumodzi.

Wotsogolera nyimbo anali msuweni wawo wa amalume, mayi wonenepa wa mawu aakulu. Monga amachitira asuweni kwathu, awiriwa sankaonana popanda kunyozana. Iwo ankawaitana amalume kuti amuna anga, amalume nkumayankha kuti mkazi wotere angathe nkhokwe mwezi umodzi. Tisanachoke mayiwo anauza gulu lonse kuti lero tatenga nkhalamba yachikunja kuti tikaisiye kwa asisiteri akaimete. Amalume anati iwo ayenda kumbuyo kwenikweni, kumene nyimbo za msuweni wawo zimafika zitatopa. Anakhaladi kumbuyoko tsiku lonse, pamodzi ndi ana ang'onoang'ono otsalira.

Ulendowo unali wokoma kuposa mmene anzanga ankasimbira. Chiperoni chitatha, phiri linaonekera lonse kutsogolo kwathu, mitambo itagona m'chiuno mwake. Tinkanena korona, ikatha nkuyimba, nyimbo ikatha nkuyenda chete pang'ono mpaka wina ayambe kuseketsa anzake. Tinadutsa m'minda ya tiyi, kumene anthu odulira mitengo anaweramuka kutiyang'ana, ena navula zipewa poona mtanda. Akhristu ena a m'nyumba za kampani ya tiyi anatuluka nalowa m'gulu lathu, atavala nsapato, atanyamula buledi ndi tiyi wa m'mabotolo.

Dzuwa lili pamutu tinakhala pamthunzi m'mbali mwa mtsinje, aliyense namasula chake. Pamenepo ndi pamene ndinaona kuti paulendo wotere kamba sakhala ndi mwini. Makaka athu anapita kwa anthu a kukampani, amene ankati awasowa, ndipo ife tinalandira buledi. Mayi wina anandipatsa nyemba za kalongonda zodzaza manja, wina anayamika mfundo zanga napempha kuti ndimuonetse. Ndinapita kwa amalume, ndinagwada, ndinalawa makaka ndi thobwa. Msuweni wawo anafuula ali patali kuti amuna akewo adzafuna wolawa ngakhale madzi a ubatizo. Onse anaseka, amalume nawonso. Koma anangodya pang'ono nakankha tsambalo. Ndinada nkhawa kuti mwina mchere wachepa, ndipo madzulo onse ndinayenda ndikuganiza za mcherewo.

Ku Boma tinadutsa mwakachetechete, aphunzitsi atatiuza kuti tisiye kuyimba pafupi ndi maofesi. Kanali koyamba kuona masitolo otere, ndipo ndinatsala pang'ono kugunda mnzanga wa patsogolo poyang'ana nsalu zopachikidwa pakhonde. Tinafika pasukulu ina pafupi ndi Chinakanaka dzuwa likulowa, mapazi akutentha. Akhristu a pamenepo anatiyalira mphasa, akazi m'chipinda china, amuna china. Tinadya mbatata, ndipo aphunzitsi anatiuza kuti timwe madzi ambiri pamene mpata ulipo.

Kutacha kunali kozizira. Ndinasamba kumaso milomo nditaitseka zolimba, ndinavala diresi yanga yoyera imene amayi anabwereka, ndipo ndinamva amalume akundiitana. Anali atakhala pamwala kunja, ataika mapukusi pambali. Ndinapita mtima uli m'malo. Ndili chapatali ndinaona kansalu kofiira katamangidwa kumutu kwa ndodo yawo, kakuuluzika ndi mphepo.

Ndinagwada ndi kuyang'ana pakati pa mapukusi. Lofiira panalibe. Amalume, osadziwa kanthu, anayamba kundiyamikira. Anati sanaonepo mwana wanzeru ngati ine, wodziwa kuti munthu woyenda kumbuyo amafuna chotafuna. Anati pamene ife tinkaitana Amayi Maria kutsogolo, iwo ankavomera ndi nthochi kumbuyo. Mazira anatha tisanatuluke m'minda ya tiyi, manachesi anagawira ana otsalira kuti aziyenda msanga, ndipo mtedza unawafikitsa ku Boma. Chokoma koposa, anatero, nchakuti sanafunike kundivutitsa kuti ndidzalawe. Pamenepo ndinadziwa kuti mchere wa makaka unalibe mlandu.

Atatero anamasula phukusi la pobwerera, natenga mkate wa nthochi, nauvula masamba, naunyema, nanditambasulira kachidutswa.

"Lawa, mwana iwe, tinyamuke."

Ndinalandira ndi manja awiri, pakuti sindikanatha kusiya dzanja la amalume lili m'malere. Kachidutswako kanali kozizira, kakununkhira nthochi. Chibadwire changa ndinali ndisanakanepo mawu a wamkulu. Ndinakayang'ana, ndinayang'ana pansi, ndipo dzanja langa linayamba kukwera lokha monga linazolowera.

Msuweni wawo ndi amene anaona, akukutumula nsalu pakhomo la sukulu. Anabwera mothamanga nandigwira pamkono. Anauza amalume kuti mwanayu sakudya m'mawa uno, ndipo ngati akufuna wolawa, kamdzukulu kawo kosalandira kali apo, kangathe mkate wonsewo. Amalume nkhope inasintha. Anati wolawa ndi amene waphika ndi kumanga, osati mwana wongotola panjira. Aphunzitsi anayandikira nayamba kufotokoza za lamulo la mpingo, koma amalume anawadula mwaulemu, nati sanafunse aphunzitsi, afunsa mwana wa mlongo wawo. Anthu anali atasiya kumanga katundu. Amalume anandiyang'ana.

"Mkatewu waphika ndiwe. Ukuukana chifukwa chiyani?"

Mawu anga anatuluka aang'ono, koma anatuluka.

"Amalume, mulibe kanthu mu mkatewu. Koma ndikalawa, lero sindilandira, ndipo munati ndi kamodzi kokha. Phukusi lofiira lija ndinamangira m'mawa uno, kuti mudye popanda ine."

Amalume anatembenuka pang'onopang'ono nayang'ana kansalu kumutu kwa ndodo yawo. Woyamba kuseka anali msuweni wawo. Anaseka mpaka anakhala pansi pafumbi, akunena kuti amuna ake adya chakudya cha m'mawa wa lero dzulo. Ena anatsatira, ngakhale aphunzitsi anabisa pakamwa ndi buku lawo la mapemphero. Amalume sanaseke. Anandifunsa kuti nkhaniyi ndayamba liti kuisenza, ndipo ndinati kuyambira tsiku losinja ufa. Anang'ung'udza mawu ena m'Chilomwe chakale chimene ife ana sitinkachimvetsa bwino. Ndiyeno anatenga kachidutswa kaja m'manja mwanga, nakabwezera pa mkate, nakulunga masamba, namanga okha ndi kansalu kofiira kaja.

"Ngati mwana akuyenda ndi njala, inenso ndiyenda nayo. Tiyeni, dzuwa likukwera."

M'mawa umenewo sanabwerere kumbuyo. Anayenda pambali panga, pakati pa atsikana ovala zoyera, ndodo paphewa, akudandaula njira yonse. Anati sanamvepo za Mulungu woitana anthu kuphwando nkuwauza kuti abwere ndi njala. Anati m'mimba mwawo mukuyimba kuposa msuweni wawo. Koma maso awo sanachoke pakamwa panga. Titafika pakamtsinje pamene ena ankasukusula, anandiuza kuti ndidutse osawerama. Dzanja langa litakhudza udzu wa m'mbali mwa njira mosaganiza, analimenya pang'ono ndi chala. Mayi wina wa m'mudzi umene tinkadutsa anatulutsa chikho cha madzi kuti atithandize, ndipo amalume anamuuza mwaukali kuti ana awa sakumwa, ngati kuti lamulolo analipanga ndi iwo. Aphunzitsi anati chaka chamawa ntchito yoyang'anira olandira adzaipereka kwa amalume.

Tinamva belu tisanaone tchalitchi. Anthu anali ambiri, ochokera mbali zonse, gulu lililonse ndi mtanda wake. Tinayamba tagwada paphanga la miyala pamene panali chithunzi cha Amayi Maria, ndiyeno asisiteri anatindandalika. Mmodzi atandikonza mpango kumutu, ndinaona amalume akuyandikira masitepe angapo, koma sisiteriyo anangomwetulira napita kwa mnzanga. Misa inali yaitali, ndipo Chilatini sindinkachimva. Nthawi itakwana ndinapita kutsogolo ndi anzanga, ndinagwada, ndipo ndinalandira. Pobwerera pamalo panga ndinakweza maso kamodzi. Amalume anali ataima pakhomo kumbuyo, chipewa m'manja, khosi atalitalikitsa pamwamba pa mitu ya anthu.

Titatuluka, bwalo lonse la mishoni linasanduka malo odyera. Pansi pa mtengo uliwonse panali anthu akumasula masamba, ndipo ana ankathamanga uku ndi uku ndi mbatata m'manja. Ndinawapeza amalume pansi pa mtengo wa mango, phukusi lili pamwendo, losamasula. Ndinagwada ndi kutambasula manja kuti ndilandire kachidutswa kanga ka masiku onse. Iwo anamasula kansalu, natenga kachidutswa kaja ka m'mawa, nakaika m'kamwa mwawo. Anatafuna pang'onopang'ono, naloza pakhosi pawo kuti ndione akumeza. Atatero anaika mkate wonse m'manja mwanga.

"Lero mlendo ndiwe. Idya, mulibe kanthu."

Msuweni wawo, amene anali atakhala pafupi, anaomba m'manja nauza anthu kuti abwere adzaone, amuna ake adya chosalawidwa, ayambe kukumba manda. Amalume anati ngati nkufa adzafa atakhuta, ndipo anapempha kuti chipanda cha thobwa chiwayandikire. Ndinadya mkate umenewo ndikuseka, ndipo sindikumbukira chakudya china chimene chinandikomera chotero.

Pobwerera kamba anatiperewera, monga zinayenera kukhalira, koma anthu a kukampani anatigawira buledi wotsala, ndipo amalume anapempha nzimbe kwa mnzawo wakale pafupi ndi Boma. Anandifikitsa kwa amayi atandigwira dzanja monga analonjezera, nawauza kuti aone okha, tsitsi lonse lilipo. Tsiku lotsatira ndinawapititsira chakudya kuseri kwa nthochi, ndipo anadikira kuti ndilawe monga kale. Lamulo lawo silinasinthe mpaka kumwalira kwawo.

Chaka chotsatira mwezi wa Ogasiti utayandikira, sindinayerekeze kupempha, pokumbukira kuti anati kamodzi kokha. Koma tsiku limene akazi a m'mudzi anayamba kuwawula masamba a nthochi, amalume anabwera pakhomo pathu ndi ndodo yawo, kansalu kaja kali pomwepo katasuluka. Anakhala pampando nafunsa amayi ngati mpango wakale uja udakalipo. Amayi atavomera, anatembenukira kwa ine.

"Mapukusi ofiira umange awiri. Limodzi usenze wekha, ndipo usandiuze pamene lili."